A Zuze Omwetsa Maziko

Mwezi uno patha chaka chimwalirireni amalume anga a Zuze, ndipo pamanda pawo palibe chiliza. Miseche yayamba kale. Ena akuti abale ake ndife oumira, ena akuti tinkangowakonda ali moyo poti ankatikonzera zinthu. Tsiku lina pamjigo mayi wina anachita kundifunsa pamaso kuti kodi simenti yatha m'dziko muno. Ine ndinangoseka, chifukwa anatiletsa ndi eni ake akadali ndi mphamvu zokalipa. Anati wina asadzayerekeze kuwasanjikira njerwa pamwamba mvula isanagwe zaka ziwiri, iwo sakufuna kuti odutsa azidzaloza chiliza chopendekeka n'kumati wagona apoyo ndi mmisiri uja.

Ndiye poti njerwa anakana, ndati ndiwalembe. Anali mlongo wa mayi anga a Malita, wamkulu kwa iwo, komanso nkhoswe ya ukwati wanga. Anali aafupi, ojintcha, mimba inkafika pakhomo eni ake akadali kuseri kwa nkhokwe. Ambulera sinkachoka m'manja mwawo chilimwe ndi dzinja lomwe. Akakondwa ankalankhula Chimang'anja, akapsa mtima Chisena chinkatuluka chokha, ndipo akafuna kupambana mkangano ankaponyamo mawu awiri atatu a Chingerezi cha kuntchito, kaya akugwirizana ndi nkhaniyo kaya ayi. Ntchito yawo inali yomanga nyumba, koma sindikumbuka munthu akuwayamikira khoma kapena denga. Mbiri yawo yonse inali ya pansi, pamene sipaoneka nyumba ikatha.

Kwathu kuno ku Nsanje mlendo akafika timayamba tampatsa madzi, chifukwa dzuwa lake silisewera. Amalume ankalandira kapu ndi manja awiri mwaulemu wonse, kumwa theka, theka linalo n'kulikhuthulira m'mbali mwa khoma la mwini nyumba. Kenako ankanjuta n'kumayang'ana mmene madziwo akulowera, moni akadali pakati. Azimayi ankadandaula kuti madzi otunga kutali chonchi a Zuze akumwetsa nyerere. Iwo osamva. Ankatulutsa msomali m'thumba, kugamula kachibuma, kukaloza kudzuwa n'kumawerenga timabowo take ngati akusankha mpunga. Akamaliza m'pamene ankakumbuka kufunsa za ana.

Ankakonda kunena kuti nthaka ili ngati mkamwini, usamuyamikire usanamuone atamwa, katundu ali pamutu. Tsoka lake amuna anga a Lenadi samwa mowa. Choncho kuyambira tsiku la chinkhoswe amalume ankawatchula kuti nthaka yosayesa. A Lenadi nawonso ndi mmisiri, wa pepala lake la ku sukulu ya ntchito zamanja, munthu wofatsa koma wosagonja msanga. Ankangomwetulira n'kumati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Awiriwa ankakondana, koma anadzakangana koopsa pa nkhani ya chigayo cha mayi anga, ndipo munthu sangawadziwe amalume osamva nkhani imeneyo.

Kale tinkakhala kumunsi, kufupi ndi Shire, kwa Mbenje. Chaka cha madzi aakulu osefukira nyumba ya mayi inasungunuka iwo akuona ali m'bwato. Bambo anali atamwalira kale. Nkhokwe inapita, mbuzi zinapita, zinatsala ndi ng'ombe zokha chifukwa zinali kubusa kumtunda. Titapatsidwa malo atsopano m'munsi mwa phiri, mayi anaganiza kuti sadzadaliranso dimba lokha. Anagulitsa ng'ombe zonse kupatula ziwiri zapangolo n'kugula injini ya dizilo ndi chigayo chake, chogaya ndi chokonola. Chuma chawo chonse chinali chimenecho, chitakutidwa ndi lona kusitolo ya wachibale, chikudikira pokhala. Injiniyo ikanawonongeka, mayi akanatsala ndi chitenje chokha.

Malo atsopanowo tinawakonda tsiku loyamba lomwe. Dothi lake linali lotuwa, louma gwa, piki ikamenya inkachita kudumpha. Anthu amene tinakulira m'matope tinkapondaponda pansi n'kumaseka, kuti pano ndiye pamwala, ngakhale njovu ivine sipangagwedere. A Lenadi anakhoma zikhomo, kukoka chingwe, kukumba maziko ofika m'mawondo movutikira, thukuta lili kamukamu. Anauza mayi kuti sabata ikamatha athira konkire, injini ibwere anthu asanayambe kukolola chimanga cha kudimba. Mayi anamwetulira koyamba chichokereni kumunsi.

Ndiye kunatulukira ambulera. Amalume anatsikira m'dzenjemo, kugamula chibuma, kuchiloza kudzuwa, n'kupukusa mutu.

"Mataka awa ngauthambi," anatero, kutanthauza kuti dothilo ndi labodza. "Mlongo wanga, pano musaikepo injini musanapamwetse."

"Kupamwetsa chiyani, achimwene?"

"Madzi. Akamwini akumbe kufika m'chifuwa, muthiremo madzi sabata yathunthu. Injini yanuyo ndi yolemera, imanjenjemera, ndipo imamwa madzi tsiku lililonse kuti izizire. Okonoletsa nawo azidzanyowetsa chimanga pompano. Madzi onsewo azidzapita kuti?"

Mayi anawatembenukira.

"Madzi andidyera nyumba, andidyera nkhokwe, andidyera mbuzi. Ndathawira kuno kouma, inu mukuti ndikawatenge pangolo, ndidzawaonetse pamene ndasamukira?"

"Nkhabe, ayi Malita, adzapadziwa okha. Bola abwere lero tikuwaona, injini isanakhalepo."

"Kamwetseni kwanu," anatero mayi, n'kulowa m'msasa.

Anatha masabata awiri osalankhulana. Ankakhala pamphasa imodzi pamaliro kapena kutchalitchi, koma mawu ankadzera mwa ine. Kauze amalume ako asunthe mwendo. Kauze mayi ako mwendowu ndi wanga. Ine zinkandisekesa komanso zinkandipweteka, chifukwa onse awiri ndinkawamvetsa. Aliyense amene anakwera bwato chaka chimenecho ankaona kuti kuthira madzi dala pamalo pako ndi misala, kapenanso mwano. Ngakhale ine ndinali kumbali ya mayi.

Chimene chinkawaumitsa mutu amalume ndinali nditachimva kambirimbiri, poti nkhaniyo ankaikamba paliponse pamene pali anthu oposa awiri. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yokumba ngalande pa sikimu ina ya mthirira, m'dothi lotuwa ngati lomweli. Anaiwaka bwino ndi simenti, kumanganso kamlatho kodutsa thalakitala. Tsiku lotsegulira madzi kunaphedwa mbuzi, anthu anavala zakutchalitchi. Madzi anayenda bwinobwino. Mawa lake anapeza kamlatho katatitimira mbali imodzi, ngalande itang'ambika ngati mphika wogwa pamutu. Kapitawo anati anyamata okanda matope aba simenti, ndipo amalume anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo. Anabwerera kumudzi ndi dzina la wakuba, agogo osawayang'ana kumaso.

Patapita miyezi kunabwera injiniya wina wachikulire kudzafufuza. Anakumba m'mbali mwa ngalandeyo, kuyesa dothi louma ndi lonyowa, n'kunena kuti simenti ilibe mlandu. Anyamata aja anaitanidwanso, ndipo amalume anakhala onyamula zida za mkuluyo mpaka ngalande yonse itakonzedwa. Ankati sukulu yawo inali imeneyo. Pofika apa nkhaniyo ankaikamba motsitsa mawu, chifukwa manyazi otchedwa wakuba sanawachoke mpaka ukalamba. Analumbira kuti iwo ali moyo munthu sadzasenzanso mlandu wa nthaka.

Mmene ankafotokozera, dothi la m'munsi mwa phirili linatsika ndi madzi othamanga komanso mphepo, n'kungounjikana mofulumira popanda cholipsinja. Timchenga take timangogundana nsonga, togwirizidwa ndi kadongo kochepa ngati phala louma, ndipo pakati pake ndi mabowo okhaokha. Likauma limalimba zedi. Ukalisenzetsa katundu lili louma silidandaula. Mvula ikagwa popanda katundu, yambiri imangotsetsereka pamwamba. Koma madzi akalowa pansi n'kufewetsa kadongo kaja, katundu ali pamwamba, timchenga timagwera m'mabowo muja ndipo sitidzukanso. Makande a kumunsi tinkawadziwa, amatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe aliyense akuona. Amalume ankati makande ndi mdani wachilungamo, pamene ili ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofuna kuwagonjetsa a Lenadi, tsiku lina anaponya chibuma m'beseni la madzi, n'kusungunuka nthawi yomweyo.

"Mwaona, akamwini?"

"Ndaona, amalume, koma chibuma chilichonse chimasungunuka m'beseni, ngakhale cha pachulu. Umenewo si umboni."

Ine ndinagwira pakamwa. Mwamuna ukayambana naye umakanena kwa ankhoswe, nanga mwamuna akayambana ndi ankhoswe omwewo umakanena kwa yani? Koma amalume m'malo mokwiya anaombera m'manja.

"Pyadidi, zabwino zedi! Esinta, mwamuna wakoyu mutu ulimo. Ndipatseni masiku atatu, tilifunse dothilo lili kwawo."

Anakumba kadzenje kofika m'mawondo, mapazi ochepa kuchokera pamene pankayenera kukhala injini. Pansi pake anaimikapo chitsa chachifupi cha tsanya chodula mosalala, pamwamba thabwa, pathabwapo diramu lodzaza mchenga. Anati phazi likhale laling'ono kuti dothi limve kulemera ngati mmene lidzamvere injini. Kenako anakhoma mitengo iwiri patali, uku ndi uku, n'kukoka chingwe cha a Lenadi chomwe kuti chidutse chikukhudza diramulo. Pamene chingwe chinakhudza analembapo mzere ndi khala. Anapempha a Lenadi kuti aonetsetse okha ndi levulo yawo yoyezera kupendekeka, kuti mawa asadzati nkhalamba yachita matsenga.

Tsiku loyamba mzere ndi chingwe zinali pamodzi. Lachiwiri chimodzimodzi. A Lenadi anayamba kuyenda monyang'wa, kudutsa pamalopo kasanu pa tsiku akuimba mluzu. Mayi anandituma kuti ndikauze amalume kuti diramulo akamaliza kuseweretsa alibweze, lili ndi ntchito.

Lachitatu m'mawa mudzi wonse unasonkhana, poti kumalo atsopanoko zosangalatsa zinali zosowa. Amalume anafika atavala jekete. Amuna awiri anawakankha kumbuyo mpaka anakwera padiramu, n'kukhala pamchengapo miyendo ili lendelende. Anatambasula ambulera, kutulutsa masawu ouma m'thumba n'kuyamba kudya.

"Tsopano thirani madzi m'dzenjemu. Koma wothira akhale mwini injini."

Anthu onse anatembenukira kwa mayi. Iwo anamanga chitenje mwamphamvu.

"Esinta, kauze amalume ako kuti ndithira. Ndithira kuti achite manyazi pagulu, atisiye timange."

Ananyamula ndowa yoyamba n'kuikhuthula mokwiya, yachiwiri, yachitatu, azimayi akuwapatsira. Dothi lija linkamwa ngati ng'ombe yochokera kutali. Madzi atayamba kudikha, tinadikira. Palibe chinachitika. Dzuwa linakwera, anthu ena anayamba kubalalika, wina anafuula kuti a Zuze atsike asanapse ngati mbatata. Iwo ankangolavula nthangala za masawu n'kumati onjezerani.

Amene anayamba kuona ndi a Lenadi. Mluzu unasiya. M'madzimo munkatuluka tithovu ting'onoting'ono, ndipo mzere wa khala uja unali utatsika pansi pa chingwe. Anagwada, kupukuta maso, kuyang'ananso. Tikuyang'ana tonse choncho, mpata unkakula pang'onopang'ono, mwakachetechete, popanda wokankha. Kenako mbali imodzi inatitimira kuposa inzake, diramu linapendekeka, ndipo amalume anatsetsereka ndi jekete yawo n'kukhala pansi m'matope kuti phwatha, ambulera ikadali m'mwamba.

Kuseka kwake sindinakuonenso. Azimayi anagwa pansi, ena akulira misozi, wina anataya ndowa n'kuthawira kuseri kwa mtengo atagwira m'mimba. Amalume ali m'matope momwemo ankafuula kuti pyadidi, pyadidi, nkhope ikuwala ngati apambana mlandu kubwalo.

Mayi okha sanaseke. Anapita pambali ya diramu imene inali isanapendekeke kwambiri, n'kulowetsa zala pakati pa chingwe ndi mzere. Zinalowa zitatu.

"A Lenadi, ikanakhala injini?"

Amuna anga anavula chipewa. Ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha yankho limenelo.

"Lamba wa injini akanamavuka, amayi, ndipo shafuti ikanapindika. Mwina chaka chisanathe. Ndinalakwitsa ndine."

Mayi anayang'ana kumbali, kumene kunalibe munthu, n'kunena kuti ng'ombe zimangidwe pangolo mawa m'mamawa.

Anakumba dzenje lofika m'chifuwa, lalikulu kuposa nyumba ya chigayo. Amalume anaboola pansi pake ndi chitsulo chachitali malo ambirimbiri kuti madzi alowe kutali. Ngolo inkapita kukhwawa kumene kunatsala maiwe, n'kubwera ndi madiramu, m'mawa ndi masana. Odutsa pamsewu ankafunsa ngati a Malita ayamba kuweta nsomba. Pofika tsiku lachinayi pansi pa dzenjelo panali patatsika, m'mbali monse mutazungulira ming'alu yolowa dzanja. Masana a tsiku limenelo ndinapeza mayi ataima okha m'mphepete, akuyang'ana dziwe lofiirira lili pamalo pawo, misozi ikutsika. Ndinadziwa kuti sakuona dzenje, akuona nyumba ija. Ndisanafike, amalume anatulukira kumbuyo kwawo, kuwafunditsa ambulera n'kungoima. Sananene kanthu, chinthu chimene kwa iwo chinali chovuta kuposa kukwera padiramu.

Sabata itatha anasiya kuthira n'kudikira kuti paphwe. Tsiku lililonse ankatapa dothi n'kulifinya m'dzanja. Likatuluka madzi, ayi. Likamwazika, ayi. Ankafuna loti ligwirane ngati mpira koma chikhatho chisanyowe. Litafika pamenepo analamula kuti dothi lokumbidwa lija aziliwaza madzi n'kulibwezera pang'onopang'ono, zala zinayi zokha, kulitsendera mpaka lilire, kenako zala zina zinayi. Vuto linali zotsenderera. Makina kunalibe, ndipo zitsa ziwiri zimene a Lenadi anakhomera mipini zikanatha mwezi.

M'mawa mwake tinangoona azimayi akubwera mondondozana, aliyense musi wake paphewa. Mmodzi anati akhala akusinja chimanga chibadwire, ndiye ngati kusinja nthaka kungawapumitse, asinja komaliza. Anatsikira m'dzenje n'kuima m'mizere, misi ikugunda pamodzi, fumbi osatuluka. Posakhalitsa inabadwa nyimbo, yonena za mkulu wina amene anakwera diramu ndi jekete n'kutsika ndi matako. Amalume anamva, n'kuponya ambulera, kutsikira pakati pawo n'kuyamba kuvina ngati kuli gule wa utse, mimba ikutsogola. Ankafuula kuti asawaletse, kulemera kwawoko ndi kompakishoni, ndiko kutsendera kumene. Mayi anayesetsa kulimbitsa nkhope koma zinakanika, anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako analanda musi wa mnzawo n'kulowa pamzere. Masiku anayi amene tinasinja nthakawo ndi amene mudzi wathu watsopano unasanduka mudzi, chifukwa kufikira pamenepo tinali anthu ongothawira malo amodzi.

Konkire inathiridwa, injini inabwera pangolo yomweyo, ndipo inalira tsiku loyamba chimanga cha kudimba chisanathe kukololedwa.

Mvula yoyamba itagwa, mudzi unayamba kuulula. Uku khoma lang'ambika kuchokera pawindo, uku chitseko chakana kutseka, uku chimbudzi chagwada. Ena anati simenti ya masiku ano ndi ufa, ena anayamba kuyang'ana anansi awo ndi diso loipa. Bafa yathu, yomanga a Lenadi ndi manja awo tisanayambe za chigayo, inapendekeka moti ndinkasamba nditatsamiza chitseko ndi phazi. Ndikanakonda kulemba kuti amalume anadzichepetsa, koma likhala bodza. Anayenda mudzi wonse ndi ambulera, kulowetsa zala m'ming'alu ya eni ake n'kumalengeza chiwerengero mokweza. Kwathu anabwera mwaufulu wa nkhoswe, kukhala pampando, n'kufunsa ngati ndili ndi dandaulo lililonse pa mwamuna amene akundisambitsa ndi mwendo umodzi. Koma kulikonse kumene anthu anayamba kulozana zala, iwo ankafika msanga, kugamula chibuma n'kuwaonetsa wolakwa. Kuchigayo a Lenadi anaika levulo pa silabu ya konkire, kadontho kake kali pakatikati, kusonyeza kuti sipanapendekeke.

Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka a Thirani. Munthu akafuna kumanga ankayamba wawaitana, ndipo diramu ndi chitsa cha tsanya zinayenda midzi yambiri, mpaka kwa Ndamera. Amene ankazinyamula pa njinga anali a Lenadi, amene lero salola njerwa kukhala pansi posamwetsa. Amalume anasiya kuwatchula nthaka yosayesa. Anati tsiku la diramu lija anawaona atanyowa, katundu ali pamutu, ndipo sanatitimire.

Mayi okha sanathokoze. Anapitiriza kukangana ndi mlongo wawo za mbuzi zolowa m'munda, za mchere wa m'ndiwo, za amene anali wokondedwa kwa agogo. Loweruka lililonse ankanditumiza ndi beseni la ufa woyera, wosefa bwino, n'kunena kuti kawapatse amalume ako zosesa pansizi, kusiyana n'kutaya. Amalume ankalandira, kununkhiza, n'kuyankha kuti kauze mayi ako chigayo chawo chikupsereza ufa.

Chimene sankachitira nthabwala chinali chimodzi. Ankati tinasinja kufika m'chifuwa basi, kunsi kwake dothi labodza lija likadalipo, likudikira. Choncho madzi asadzadikhe pafupi ndi khoma la chigayo ngakhale tsiku limodzi. Anazunguliza khonde la simenti lotsetsereka, n'kuwaka kangalande kochotsa madzi a injini kukawataya kutali, pansi pa mtengo wa nimu. Miyendo itayamba kukana makwerero, anadzilemba okha ntchito ya ulonda wa kangalandeko. M'mawa uliwonse ankafika ndi kampando ka miyendo itatu ndi kakhasu, n'kukhala pansi pa nimuyo. Wonyowetsa chimanga pafupi ndi khoma ankamva Chisena. Wotsuka beseni pakhonde ankamva Chisena ndi Chingerezi chomwe. Ena onse ankamva nkhani ya sikimu ija, kaya anaimva kale. Azimayi ankati kuchigayo kwa a Malita umapita ndi chimanga n'kubwerako ndi ufa komanso maphunziro.

Anadwala masiku ochepa, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana. Masana ena mayi anawapititsira phala n'kuwamwetsa okha ndi supuni. Amalume anameza kawiri n'kukwinya nkhope.

"Muli mchenga umu, Malita."

"Ndi mataka anu omwe aja, achimwene. Mezani."

Anaseka onse awiri mpaka amalume anatsamwa. Atapuma anati kangalande kaja akachotsemo masamba mvula isanagwe. Mayi anati amva, agone. Mawa lake dzuwa lili pamutu anatisiya. Titabwera kumanda mayi anandikokera kuseri n'kundiuza kuti mawu akuti takhuta, zikomo ya Chisena, anali pakamwa pawo tsiku la phala lija, zaka zonsezi anali pakamwa, koma anaopa kuti akawatchula achimwene adziwa kuti akutsanzikana.

Chigayo chikulirabe. Chaphunzitsa ana anga, chamangira mayi nyumba ya malata, ndipo lamba sanavukepo chifukwa cha kupendekeka. Mvula ya chaka chino yayamba dzana, ndiye dzulo m'mawa ndinapita kukaona. Ndinapeza mayi atazungulira kale nyumba yonse ndi kakhasu, ndi msana wawo wopwetekawo, akukwirira paliponse pamene madzi anayesa kuima. Khonde linali louma, kangalande koyera, madzi a injini akuyenda mpaka kunimu.

Pansi pa nimupo kampando palibe, anakatenga ana a amalume. Azimayi odikira ufa amakhala kumbali, mthunzi wabwinowo n'kuusiya, ngakhale palibe anawaletsa. Pamene pankakhala amalume patsala timaenje titatu ta miyendo ya mpando, ndi kachigwa kamene zidendene zawo zinakumba zaka zonse zija. Dzulo tonse tinali todzaza madzi a mvula. Ndinatola khasu kuti ndikwirire, koma mayi anandigwira mkono. Pabwalo lonse la chigayo, ndi pokhapo pamene amalola madzi kudikha.